Phazi Lakumanzere la a Albertina

Munthu amene anadulidwa mwendo wakumanzere sangabayidwe ndi msomali kuphazi lakumanzere. Zimenezi sizifuna sukulu. Komatu nkhani imene inandidzutsa m'mawa wa chiperoni n'kundikweza minibasi ya ku Mbulumbuzi inali yomweyo.

Ine ndine Frackson Mukhiwa. Ndinagwira upolisi mpaka mawondo anandikana, ndipo pano ndimafufuza zachinyengo pa kampani ina ya inshuwalansi ya zaumoyo ku Blantyre. Ntchito yake ndi yotere. Munthu akadwala amapita kuchipatala ndi khadi lathu, achipatala amamuthandiza, kenako amatitumizira bilu. Pabilupo salemba nkhani yaitali. Matenda aliwonse ali ndi nambala yake, ndipo kompyuta yathu imalipira poona nambalayo. Manambala akayamba kutsutsana, amaitana ine. Kale ndinkathamangitsa akuba ng'ombe, ndipo kunena zoona iwo anali abwinoko, chifukwa ankadziwa okha kuti aba.

Manambala amene ankatsutsana ulendo uno anali a mayi Albertina Namaona. Mwana wawo Chrissy, wogwira ntchito pa kampani ina ku Limbe, ndiye anawalembetsa ngati kholo lake. Zaka zingapo zapitazo tinalipira opaleshoni yowadula mwendo wakumanzere chifukwa cha shuga, tinalipiranso ndodo zachitsulo zoyendera. Kenako khadilo linangoti zii. Chaka chatha linadzukanso pa kakiliniki kena koyima pakokha ku Mbulumbuzi, mwezi ndi mwezi, ndi nambala F01. Imeneyi ndi nambala ya matenda oiwala amene amadza timitsempha ta magazi tikamatsekeka mu ubongo. Tinkalipira osafunsa, mpaka mwezi watha pamene pansi pa F01 panabwera nambala ina: bala la msomali, phazi lakumanzere.

"Kilinikiyo ikutidyera ndi wodwala wongopeka," anatero abwana anga, maso ali pafoni. "Kapezeni umboni. Khadi titseke, wolakwa apite kupolisi."

Ndinavala jekete n'kunyamuka. Sindinkafuna n'komwe.

*

Kilinikiyo inali kanyumba kopaka laimu kuseri kwa msika, pakhonde padzaza amayi ndi ana okhosomola. Wolemba mabilu anali mtsikana wina dzina lake Tracy, wa zikhadabo zofiira ndi pakamwa pothamanga. Nditangotchula kampani yathu, anapinda manja pachifuwa.

"Ine ndimangotayipa, bambo. Adokotala alemba, ine ndapeza nambala, ndatumiza, basi. Mesa inu nomwe mumatibwezera mabilu tikaphonya ndi kadontho komwe? Poyamba ndinaika F03, munabweza, akuti tinene kuti kuiwalako ndi kwamtundu wanji. Ndinakonza. Nde lero mwabwera ndi ziti?"

"Bala la a Albertina Namaona. Kumanja ndi kumanzere simunasokoneze?"

Mumtima ndinkapempha kuti avomere. Akanati inde, ndikanakwera minibasi ya masana n'kukadzifunditsa bulangete kunyumba.

"Ndingasokoneze bwanji? Magetsi anazima tsiku limenelo, ndine ndinkaunika ndi foni adokotala akutsuka balalo. Kumanzere, pakati pa phazi penipeni."

"Mayi amenewa mwendo wakumanzere alibe. Unadulidwa."

Anandiyang'ana ngati ndalawirira kachasu m'mawa.

"A Albertina? Agogo amene aja akadzuka pabenchi kuti azipita, timawathamangira awiri. Miyendo ali nayo yonse, bambo, yolimba kuposa yanuyo."

*

Mwini kilinikiyo anali a Halidi Mtaula, bambo wamtali, woonda, wa kandevu koyera. Anandimvetsera osandidula mawu, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono ndi gauni yawo.

"Achimwene, ine ndimalemba chimene ndaona. Wallahi, sindinalembepo munthu amene kulibe. Mayi aja anabwera nawo chaka chatha panjinga, pakamwa patapotoka, dzanja lili lende. Kasitiroko kakang'ono, BP ili m'mwamba. Dzanja linachira, koma mutu sunabwerere pamalo pake. Matenda amenewa amatsika ngati masitepe. Munthu akhala bwino miyezi, kenako kamtsempha kena katseka, watsika sitepe ina. Mapiritsi a BP ndi ochepetsa kuundana kwa magazi ndi amene akuwagwira kuti asatsike msanga. Akadukiza, sitepe yotsatira ikhoza kukhala yomaliza."

"Munatsimikiza kuti khadilo ndi lawo?"

"Chithunzi ndi nkhope yawo, chakale chabe. Dzina ndi lawo, mudzi wonse umawaitana choncho. Za mwendo ndikumva kwa inu lero. Mbiri yakale ili mu kompyuta yanu ku Blantyre, ine sindiiona."

"Msomaliwo anauponda kuti?"

"Panjira ya ku Nguludi. Anatuluka opanda nsapato. Amayenda, achimwene, akuti akufuna munthu wina. Tsiku lina anawapeza kumanda mbandakucha, anthu atatola kale miyala, akuti mfiti yagwa. Ndinathamangira komweko ndi gauni yomweyi kukawauza kuti ndi matenda, ali ndi dzina, ali ndi nambala yomwe. Ena anamva. Ena anangoopa gauni."

Ndinawauza mosapsatira kuti nkhaniyi ikapanda kumveka, dzina limene lipite kupolisi ndi lawo, ndipo kilinikiyi idzatsekedwa. Sanapse mtima. Anasuzumira pazenera kuyang'ana mzere wa pakhonde uja, n'kupuma mozama.

"Pitani mukawaone nokha. Mukafunse a Nabanda, oyandikana nawo. Ndiwo amawayang'anira mwana akakhala kuntchito."

Potuluka ndinadutsa pa tebulo la Tracy. Anali atawerama, foni ili pakhutu, dzanja litaphimba pakamwa.

"Achemwali Chrissy, siyani chilichonse mubwere. Kwafika a inshuwalansi, akufunsa za mwendo."

*

Wakabaza anandidutsitsa m'minda ya nandolo, mvula yowaza ikundilowa m'khosi. Phiri la Chiradzulu silinkaoneka, nkhungu inali italimeza lonse. Anandisiya pa nyumba ziwiri zoyang'anizana, ndipo a Nabanda ndinawapeza m'kakhitchini ka udzu akutaya madzi a kalongonda kuti athire ena. Anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu, wa mtundu wa anthu amene funso amaliyankha ndi funso.

"A Albertina? Alipo, alipo. Angapite kuti ndi mphepo imeneyi? Mwawabweretsera mankhwala?"

"Ndabwera kudzafunsa chabe. Kodi anadulidwapo mwendo?"

"Eee, anadulidwa. Shuga ameneyu si munthu. Tinapita kukazonda ku Blantyre ife, magalimoto ake aja kutsala pang'ono kutigunda."

"Nanga lero akuyenda ndi miyendo ingati?"

"Iwiri, bambo. Kwanu munthu amayenda ndi ingati?"

"Ndiye unaphukanso ngati chinangwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako kuseka kunatha kokha, anayamba kusonkhezera moto umene unali kuyaka kale bwinobwino.

Ndinatembenuka kuyang'ana nyumba inayo. Chitseko chake chinali chopiringidza chakunja, ndipo mpiringidzo wake sunali mtengo. Inali ndodo yachitsulo yoyendera, ya mtundu womwe kampani yathu imalipira. Ndinayandikira n'kuigwira. Labala ya kunsi kwake inali itauma n'kung'aluka, ndipo mkati mwa chitsulo mavu anali atamangamo kale. Ndodo imeneyo inali isanaponde pansi kwa zaka.

"Mwatsekeramo ndani?"

"Musaganize zoipa. Ndimapiringidza ndikamaphika, angatuluke ine osaona. Mukufuna akapondenso msomali wina?"

Anachotsa ndodoyo n'kutsegula. M'nyumbamo munali gogo wamng'ono thupi, atakhala pamkeka, atavala juzi pamwamba pa chitenje. Pambali pake panali kamtolo ka zovala komanga kale ngati munthu wa paulendo. Mapazi awiri anali atatambasulidwa patsogolo, lakumanzere lili ndi bandeji. Atandiona anawomba m'manja mwaulemu n'kundilozera mpando.

Ndinakhala, tinalonjerana. Anandifunsa za kunyumba, ndinayankha. Anandifunsanso za kunyumba, ndinayankhanso.

"Amayi, dzina lanu ndani?"

"Ndi a Albertina, mesa ndakuuzani kale," analowerera a Nabanda ali pakhomo.

"Iwe, usandiyankhire ngati ndilibe pakamwa," anatero gogoyo. Kenako anandiyang'ana, maso ali gwa. "Ine ndine Easter. Ndinabadwa pa Pasaka, asisitere a ku Nguludi ndiwo anandipatsa dzina. Albertina ndi achemwali anga aakulu. Simunakumane nawo kumsewuko? Achedwatu, ndipo mwendo wawo uja ukuwavuta."

*

A Nabanda anandikokera panja, pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Musawamvere, mutu uja mwauona nokha."

"Ndauona. Ndaonanso ndodo ija. Amene ankayendera ali kuti?"

Analoza ndi mlomo kukankhalango kakuda kutsidya kwa minda.

"Amene anadulidwa mwendo tinawaika uko. Koma mvetserani bwino, bambo, musanalembe zanuzo. Dzina la Albertina ndi lalikulu pano. Linali la anganga awo amene anakhazika mbumba imeneyi pamalo ano, ndipo dzina lotere siligona kumanda. Tsiku lometa, akuluakulu a mbumba anatenga mng'ono wa malemu, anamukhazika pamkeka, anamuveka nsalu ya malemu, n'kunena kuti kuyambira lero ndiwe Albertina. Munda ndi wako, ana ndi ako, milandu ya pabanja ikafika, ifika kwa iwe. Anamupatsa ndi chikwama chomwe cha malemu. Kuyambira tsiku limenelo amene ati Easter walakwa, ndipo amadzudzulidwa."

"Nanga khadi?"

"Linali m'chikwamamo. Tsiku la sitiroko lija ndine ndinawaperekeza. Kuchipatala anafunsa dzina, ndinati Albertina. Anafunsa khadi, ndinapereka la Albertina. Tandiuzani inuyo, ndinanama pati?"

Kwathu ku Mulanje timachita zomwezo, ndipo amalume anga enieni anayenda ndi dzina la munthu wakufa mpaka imvi. Ndinatsamira mtengowo, kutopa kutandigwira m'mafupa. Matenda aja anayamba kudya zaka za posachedwa. Anadya maliro, anadya tsiku lometa, anadya dzina latsopano, n'kusiya Easter akudikira mkulu wake ndi kamtolo kake. Pamudzi ponsepo, munthu yekhayo amene ananena zogwirizana ndi kompyuta yathu anali wodwala mutu. Zinandiwawa, ndipo ndinalakalaka akanakhala kuti anandinamiza nawonso.

Koma panali munthu mmodzi amene ankadziwa malamulo a mbali zonse ziwiri, a mbumba ndi a kampani. Chakumasana ndinamva njinga yamoto ikubwera m'matope.

*

Chrissy anali mayi wa zaka zapakati, atavala yunifomu ya kuntchito, nsapato zake zakuda zitasanduka zofiira ndi dothi. Analowa kaye m'nyumba kukaona gogo uja, kenako anabwera kudzakhala pakhonde moyang'anizana nane. Pa ntchito yanga ndazolowera anthu ozemba, olira asanafunsidwe, ndi olumbira pa Baibulo. Uyu sanachite chilichonse mwa zimenezi.

"A Nabanda asiyeni, sankadziwa. Adokotala sankadziwa. Ine ndinkadziwa."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire maliro. Ndinapita ku ofesi ya za antchito kukafunsa ngati ndingachotse dzina la malemu n'kuikapo awa. Ndinafunsa ngati ndikufunsira mnzanga. Anati ayi, inshuwalansi imalandira kholo lokubala lokha, mng'ono wa amayi si kholo. Ndinathokoza n'kutuluka, za imfa sindinanene. Ankandidulabe pamalipiro, ine ndinangosiya. Sindinaganize kuti khadilo lidzagwiranso ntchito. Tsiku la sitiroko ndinafika a Nabanda atapereka kale, amayi ali pabedi, diripi ili pamkono. Ndikanati chani? Zulani, munthuyu ndi wolakwika?"

"Mwezi wotsatira mukananena."

"Ndikananena." Anagwedeza mutu. "Bambo, amayi anga ondibala ankathyola tiyi ku Thyolo, ankabwera pa Khrisimasi. Amene anandilera ndi awa. Iwo sanabale, mwana wawo ndine. Ndiye munthu wa mu ofesi, amene sanafikepo kuno, akundiuza kuti si kholo."

Kenako anatsitsa mawu.

"Simungalembe kuti Tracy anasokoneza phazi?"

"Tracy akana, ndipo akunena zoona. Abwana anga aweruza kale kuti kilinikiyo inapeka wodwala. Ndikabwerera wopanda yankho lina, apolisi akatenga a Halidi."

"A Halidi? Amene anaima pakati pa amayi ndi miyala?"

"Omwewo."

Mvula inkadontha kuchokera kudenga la malata n'kukumba timaenje m'mphepete mwa khonde. Chrissy anayang'ana madontho amenewo.

"Ndikavomera, chichitike n'chiyani?"

Ndinamuuza zoona, chifukwa ndinalibe mphamvu zonamira. Khadi litsekedwa lero lomwe. Kuntchito kwake adzauzidwa, ndipo makampani ambiri sasunga munthu wa mlandu wotere. Za kukhoti, nthawi zina munthu akadzivomerera yekha abwana amafewa, koma sindinalonjeze. Mapiritsi a BP kuchipatala cha boma amapereka ulere, akakhalapo.

"Akakhalapo," anabwereza. Kenako anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. "A Halidi asamangidwe chifukwa cha ine. Ndilankhule pati?"

Kampani yathu imafuna mawu a munthu mwini, ojambulidwa pafoni, motsata mafunso amene analembedwa ndi maloya. Ndinaika foni pa mpando pakati pathu. Sindinazindikire kuti gogo uja anali atakhwekhwereza mkeka wake mpaka pakhomo, kumbuyo kwa Chrissy, n'kukhala ndi kamtolo kake pamiyendo kuyang'ana kunjira.

Chrissy ananena dzina lake, malo antchito, ndi dzina limene lili pakhadi. Ananena kuti mwini dzinalo anamwalira ndipo iye sanadziwitse kampani. Mawu ake anali osalala ngati akuwerenga chilengezo kutchalitchi.

"Kodi munthu amene wakhala akulandira chithandizo ndi khadili ndi mayi anu?"

"Ndi amayi anga aang'ono, amene analowa dzina la..."

"Pepani, mayi. Funsoli limafuna inde kapena ayi."

"Ayi."

Ndikanasiyira pomwepo. Koma maloya amabweza mawu ojambula ngati munthu wangoti ayi, akuti sizimveka kuti akukana chiyani, ndipo ine sindinkafuna kukweranso minibasi ya ku Mbulumbuzi.

"Munene zonse bwinobwino, zimveke."

Chrissy anandiyang'ana ndi maso amene ndimawaonabe. Kenako anaweramira kufoni n'kunena mokweza, kuti asabwerezenso.

"Awa si amayi anga."

"Chrissy."

Tonse tinatembenuka. Tsiku lonse gogoyo anali asanatchule bwino dzina la munthu wina aliyense wamoyo. A Nabanda ankangowati iwe, ndipo Chrissy atalowa poyamba paja anamulonjera ngati mlendo. Koma tsopano anali atasiya kuyang'ana kunjira, ndipo nkhope yake inali ya munthu wodziwa chimene wamva.

"Chrissy, ndinakubereka kumsana kuno uli ndi chikuku, kuyenda nawe pansi mpaka ku Nguludi, mvula ikutimenya. Ndinagulitsa mbuzi yanga kuti upite ku sekondale. Ndakulakwira chiyani, mwana wanga, kuti undikane pamaso pa mlendo?"

"Amayi, ayi, si choncho. Ndi za mapepala chabe."

Chrissy anagwada n'kugwira dzanja lawo. Iwo analichotsa mofatsa, n'kutembenukira kukhoma. A Nabanda, pofuna kuziziritsa zinthu, anathamanga kukatenga kapu ya madzi ndi mapiritsi a madzulo n'kumupatsa Chrissy kuti awamwetse monga amachitira akabwera. Chrissy anawatambasulira pachikhatho, akuwanyengerera ndi mawu a mwana.

"Sindilandira za mwana wa eni," anatero gogoyo, osayang'ana.

Ndinazimitsa foni, koma zonse zinali zitalowa kale. Ndinaimirira mawondo akulira, manyazi atandigwira ngati ndaba m'mbale ya chopereka. A Nabanda anandiperekeza masitepe awiri n'kundinong'oneza, mwina pofuna kundipepesa ine, mwina kudzipepesa okha.

"Musadandaule, bambo. Pofika mawa akhala ataiwala zonsezi."

Kunong'ona kwa a Nabanda kumamveka kutsidya kwa munda. Chrissy anali chigwadire pakhomo paja, mapiritsi ali m'dzanja, ndipo sanatembenuke n'komwe.

"Iwo aiwala," anatero. "Nanga ine?"